Chitumbuwa cha Mfumu Graham: Za Kulemera kwa Chisankho Choyamba

Pakati pa mafunso amene okonda masewera a pakompyuta amatsutsana, lilipo limodzi looneka ngati lachibwana, chonsecho mizu yake ndi yozama: kodi zimene wosewera amasankha kumayambiriro kwa masewera zimasintha kanthu pa mathero ake? Funsoli limakhudza makamaka masewera a ulendo amene adatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'masewera amenewa wosewera amaloza chinthu pagalasi la kompyuta ndi kudina, ndipo munthu wa m'nthanoyo amapita pomwepo, kutola chinthucho, kuchiika m'thumba, kapena kulankhula ndi amene wakumana naye. Nkhani ino ikuonetsa kuti chisankho choyamba chimalemera ndithu, koma kuti kulemerako sikuchokera m'chisankhomo mokha. Amene amachisenzetsa katundu ndi mwini malamulo a zimene zidzachitike m'tsogolo. Mfundo imeneyi iyesedwa poyamba m'masewera, kenaka pa moyo wa zidzukulu za Amalawi amene adapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe, monga zimene zidakulira ku Unit K m'tauni ya Chitungwiza.

Nyumba ziwiri, nzeru ziwiri

M'chaka cha 1990 kampani ya Sierra On-Line ya ku California idatulutsa masewera otchedwa King's Quest V, amene adawakonza ndi Roberta Williams. Nthano yake ndi ya mfumu Graham, imene ikufunafuna banja lake lobedwa ndi mfiti yotchedwa Mordack. Kumayambiriro kwa ulendo mfumuyi imagula chitumbuwa chotsekemera kwa ophika buledi. Patapita nthawi yaitali, ili m'mapiri ozizira, njala imaigwira, ndipo wosewera ayenera kuipatsa chakudya. M'thumba muli zodyedwa ziwiri, mwendo wa nkhosa ndi chitumbuwa chija. Ikadya chitumbuwa njala imatha, masewera sanena kanthu, ulendo nkupitirira. Koma kutsogolo kuli chilombo cha m'mapiri chotchedwa yeti, chimene chimagonja pokhapokha chitaponyeredwa chitumbuwa kumaso, ndipo pofika pamenepo njira yobwerera kwa ophika buledi imakhala itatsekeka. Wosewera amakhala atagonja kale asakudziwa. Okonda masewerawa amamufanizira ndi munthu wakufa amene akuyendabe.

M'masewera omwewo muli msampha wina wooneka wofanana ndi woyambawu. Pafupi ndi nyumba ya ophika buledi pamadutsa mphaka akuthamangitsa khoswe. Zimachitika kamodzi kokha, kwa kanthawi kochepa. Wosewera akagenda mphakayo ndi nsapato yakale imene adatola m'chipululu, khoswe amapulumuka. Pambuyo pake, achifwamba a panyumba ya alendo atamanga Graham ndi zingwe ndi kumutsekera m'chipinda cha pansi, khoswe yemwe uja ndiye amabwera kudzadula zingwezo ndi mano. Amene adangoyang'ana khoswe akugwidwa alibe womumasula. Chimodzimodzinso theka lotsala la mwendo wa nkhosa liyenera kuperekedwa kwa chiwombankhanga chanjala, chimene chimadzapulumutsa mfumuyo kutsogolo.

Kampani ina, Lucasfilm Games, idatsata njira yosiyana. M'chaka cha 1989 mmodzi mwa akatswiri ake, Ron Gilbert, adalemba nkhani yodzudzula kapangidwe ka masewera a ulendo. Mwa zina adati sibwino kufuna kwa wosewera chinthu chimene chidatsala kumalo kumene sangathenso kubwererako, ndiponso kuti munthu watcheru ayenera kutha kumaliza masewera popanda kuyamba wafa kuti aphunzire pamene pali msampha. Chaka chotsatira adatulutsa The Secret of Monkey Island, nthano ya mnyamata Guybrush Threepwood amene akufuna kukhala wachifwamba wa panyanja. M'menemo wosewera angayankhe mwaulemu kapena mwamwano, angayambe ndi ntchito iyi kapena iyo, koma njira ya ku mathero siitsekeka. Imfa yodziwika m'masewerawa ndi yochita kuifuna dala, pomusiya Guybrush pansi pa madzi kwa mphindi khumi.

Pakati pa nyumba ziwirizi pali njira yachitatu. Mu Maniac Mansion, ya 1987, wosewera amasankha anzake awiri mwa asanu ndi mmodzi asanalowe m'nyumba yoopsa, ndipo luso la anzakewo ndilo limatsegula njira zina ndi kutseka zina. Mu Indiana Jones and the Fate of Atlantis, ya 1992, amasankha kuyenda ndi mnzake, kudalira nzeru, kapena kudalira zibakera, ndipo njira zitatuzi zimakakumana kutsogolo. Choncho yankho la funso lija likutengera masewera amene akunenedwa: kwina chisankho choyamba chimapha, kwina chimasintha njira koma osati kofikira, kwina chimangosintha kakomedwe ka ulendo. Kudya chitumbuwa kapena kuyankha mwamwano pakokha kulibe muyeso wake. Muyesowo adauika ndi amene adalemba masewera.

Kodi chilungamo chili mbali iti?

Alipo amene amaikira kumbuyo njira ya Sierra, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati moyo weniweni subwezera munthu pamene adalakwitsira. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, adatinso madzi akatayika saoleka. Masewera amene salola munthu kutaya kanthu amaphunzitsa bodza, ndipo chisankho chopanda chotsatira chake si chisankho konse koma chokongoletsa chabe. Mfundoyi ili ndi choona chake. Munthu amene akudziwa kuti sangagwe sayang'ana pamene akuponda.

Komabe bawo likuonetsa pamene mfundoyi ikuperewera. Bawo, limene abale ake ndi nsolo ku Zambia ndi tsoro ku Zimbabwe, lili ndi mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndi njere 64. Lilibe chifundo. Wofesa molakwa koyambirira angathe kulira kumapeto, ndipo palibe amene amamubwezera njere zodyedwa. Chonsecho wogonja pa bawo sanena kuti waberedwa, chifukwa zonse zinali poyera: chiwerengero cha njere chikudziwika kwa onse awiri, malamulo ndi amodzi kwa onse awiri, ndipo sasintha masewera ali mkati. Amene wagonja akadatha kuwerenga bwino. Wodya chitumbuwa cha Graham analibe choti awerenge. Munthu wanjala kudya chakudya chimene adagula yekha ndi nzeru, ndipo panalibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti chitumbuwa ndi chida chomenyera chilombo. Bawo ndi King's Quest V onse ndi ouma mtima, koma bawo lokha ndilo lachilungamo.

Kusiyana kumeneku anthanthi adakuona kalekale. Aristotle, m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, adasiyanitsa zimene munthu amachita mwakufuna kwake ndi zimene amachita mokakamizidwa kapena mosadziwa, ndipo adati kutama ndi kudzudzula kumayenera zoyambazo. M'chaka cha 1976 Bernard Williams ndi Thomas Nagel adaonetsa kuti pa moyo wa tsiku ndi tsiku anthu sasunga malire amenewa: madalaivala awiri osasamala mofanana amaweruzidwa mosiyana ngati patsogolo pa mmodzi padadutsa mwana. Tsoka limalowerera m'chiweruzo. Pa zonsezi pakutuluka miyeso itatu yoyesera ngati nkoyenera kuti chisankho choyamba chisenze katundu wolemera. Woyamba: kodi wosankha akadatha kudziwa zotsatira zake? Wachiwiri: kodi malamulo adakhala omwewo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto? Wachitatu: ngati miyeso iwiriyi yalephera, kodi pali njira yobwerera?

Chichewa nachonso chili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Mwambi wa munthu wonong'oneza bondo umati ndikadadziwa ndikadaphika therere. Mphatikiram'kati -kada-, amene polankhula ambiri amati -kana-, akupezeka m'aneni onse awiri, ndipo ntchito yake ndi kumanga dziko limene silidachitike kuti liyerekezedwe ndi limene lidachitika. Koma kalembedwe kameneka sikasiyanitsa anthu awiri osiyana kwambiri. Pali amene adachenjezedwa nagontha m'khutu, amene "ndikadadziwa" wake tanthauzo lake lenileni ndi "ndikadamvera". Palinso amene panalibe womuuza, chifukwa chimene chidamugwera chinali chisanapangidwe nkomwe. Onse awiri amalankhula chiganizo chimodzi, ndipo womva amafulumira kuwapatsa mlandu umodzi. Mwambi wina ndiwo umateteza wachiwiriyu ponena kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Ulendo wa ku Halale

Dziko la Nyasaland litakhala pansi pa Britain m'chaka cha 1891, boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, pamene ntchito zopezera ndalama zinali zochepa ndipo m'minda ya azungu ya kumapiri a Shire munali thangata. Amuna ambiri adatsikira kum'mwera, ena wapansi kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi, kukagwira ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia monga Shamva ndi Wankie, m'minda ya fodya ya ku Mashonaland, ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, kumene Amalawi ankakutcha ku Halale. Kuyambira 1953 mpaka 1963 Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia zinali m'chitaganya chimodzi chimene likulu lake linali Salisbury yemweyo. Munthu wochoka ku Dedza m'chaka cha 1955 ankapita ku likulu la boma limene linkamulamulira. Ena adabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena adakwatira komweko, nabereka, nakalamba, ndipo kwawo adatchedwa matchona.

Tauni ya Chitungwiza, kum'mwera kwa Harare, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kuti muzigona antchito a mumzinda waukulu. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 370,000 m'tauniyi. Dera la Seke lidagawidwa m'zigawo zotchulidwa ndi zilembo, ndipo Unit K ndi chimodzi mwa izo. Pakati pa anthu a ku Chitungwiza pali ana ndi zidzukulu za matchona, amene Chishona ndicho chinenero chawo cha tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti Chichewa chimamvekabe pamaliro, m'mapemphero ndi pabwalo la gule. Ngati chitsanzo chongoyerekeza, angaganiziridwe mayi wobadwira ku Chitungwiza m'chaka cha 1982 ndi kukulira ku Unit K, amene bambo ake adabadwira ku Salisbury, ndipo agogo ake ndiwo adachoka ku Dedza m'chaka cha 1955. Ku Malawi sadapondeko.

M'chaka cha 1984 lamulo la unzika la Zimbabwe lidaletsa munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. M'chaka cha 2001 lamuloli lidakhwimitsidwa: aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka mu Januwale 2002, kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Ofesi ya kalembera idatanthauzira lamuloli mokhudza ngakhale iwo amene kholo lawo lidangobadwira kunja. Motero anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe adauzidwa kuti akane unzika umene sadakhalepo nawo, ndipo analibe mapepala ouonetsa kuti aukane. Zitupa za ambiri a iwo zinali ndi mawu akuti ALIEN, kutanthauza mlendo, ndipo nambala yosonyeza boma lochokera inali 00. Pa chisankho cha pulezidenti cha Malichi 2002 ambiri sadaloledwe kuponya voti.

Mu Meyi 2005 boma lidayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yotchedwa Murambatsvina, imene idakhudzanso Chitungwiza. Nthumwi ya bungwe la United Nations, Anna Tibaijuka, idati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala, njira yopezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, koma mdzukulu wa mtchona analibe mudzi wobwererako. Kusintha kwa lamulo kwa 2003 kudayesa kupeputsa zinthu kwa ana a antchito ochokera m'maiko a SADC, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 43, adanena poyera kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe m'chaka cha 2021 bungwe la Amnesty International lidaonetsa kuti ambiri anali akadali opanda mapepala, chifukwa chikalata cha kubadwa cha mwana chimadalira mapepala a makolo, amene nawonso analibe. Lipotilo lidatchula chiwerengero cha bungwe la UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Miyeso itatu ija ikaikidwa pa ulendo wa agogo a mayi uja, yonse ikulephera. Munthu wa 1955 sakadadziwa lamulo la 2001, pakuti ngakhale dziko lolemba lamulolo linali lisanakhaleko ndi dzina limene lili nalo lero. Malamulo adasintha ulendo uli mkati, m'zaka za 1963, 1984, 2001, 2003 ndi 2013. Njira yobwerera inali yotsekeka, poti mboni za kubadwa kwa agogo zidatha kale kumanda a ku Dedza. Agogowo adadya chitumbuwa chifukwa cha njala, ndipo chilombo chidaikidwa panjira patapita zaka 46. Ndiye kunena kuti mavuto a mdzukulu adachokera pa chisankho cha agogo ndi kunena zoona zochepa zobisa zoona zambiri. Ulendowo udakhala msampha pa tsiku limene anthu ena, okhala ndi mayina ndi maudindo, adalemba lamulo loupanga kukhala msampha.

Zotsutsa ziwiri

Wina angadandaule kuti kufanizira masautso a anthu ndi masewera ndi kuwapeputsa. Dandauloli liyenera kumvedwa, ndipo fanizoli lili ndi malire awiri oonekeratu. Wosewera wa King's Quest V akazindikira kuti wakodwa amayambanso, nataya maola ochepa chabe, pamene zaka za sukulu zimene mwana wopanda chikalata cha kubadwa wataya sizibwerera. Chachiwiri, wosewera amalangidwa chifukwa cha chisankho chake, pamene mdzukulu wa ku Unit K adalandira masewera amene wina adayamba, thumba lili kale ndi zimene lili nazo. Malire onse awiriwa akulimbikitsa mfundo ija m'malo moifooketsa. Ngati kutsekera munthu njira m'masewera, m'mene chotayika ndi nthawi yopuma, kudaonedwa kukhala kulakwa kwa wokonza, kuli bwanji m'lamulo la unzika? Phindu la masewera pa nkhaniyi ndi lakuti wokonza amaonekera. Dzina lake limalembedwa pabokosi, ndipo palibe amene amati yeti adabwera ndi tsoka. Pa moyo wa anthu wolemba malamulo amabisala kuseri kwa mawu akuti mbiri, mwayi kapena chikonzero.

Wina angatsutsenso kuti maganizo otere amachotsera munthu udindo, kuti aliyense azingoloza chala kwa olamula. Apa ndi pamene khoswe uja akusiyana ndi chitumbuwa. Wosewera sangadziwe kuti khoswe adzadula zingwe, monga momwe sangadziwire za yeti. Koma pali chimene angathe kudziwa pa nthawi yomweyo: kuti chamoyo chofooka chili m'kamwa mwa imfa, ndipo iye ali ndi nsapato m'manja. Chifukwa chopulumutsira khoswe chilipo chathunthu ngakhale khosweyo asadzabwerenso. Kudya kapena kusadya chitumbuwa sikunena kanthu za mtima wa munthu, pamene kugenda mphaka kapena kungoyang'ana kumanena zambiri. Choncho pali zisankho zimene zimalemera chifukwa cha zotsatira zobisika, ndipo udindo wa kulemera kwake ndi wa wokonza malamulo. Palinso zimene zimalemera chifukwa cha zimene zili pamaso pa wosankha, ndipo udindo wa zimenezi palibe amene angauthawe. Akuluakulu poti kupatsa nkuika sankatanthauza kuti wopatsa amadziwa tsiku lodzatenga.

Matchona adasankha zambiri za mtundu wachiwiriwu, ndipo ndi pa zimenezi pamene ayenera kuyesedwa. Adakhazikitsa mabungwe othandizana pamaliro kuti mnzawo womwalira kutali ndi kwawo asaikidwe ngati wopanda abale. Adamanga mipingo, monga imene idadzakhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, ndi mizikiti ya Ayao. Adasunga gule wamkulu m'migodi ndi m'minda mpaka adadziwika m'Zimbabwe monse. Pamene nyumba zinkagwa m'chaka cha 2005, wopanda mudzi ankadalira achibale, mpingo ndi anansi, maubale amene adalukidwa ndi anthu osadziwa kuti adzafunika liti. Alipo ndithu ena amene adasiya akazi ndi ana ku Nyasaland osatumiza ngakhale kalata, ndipo amenewo mlandu wawo ndi woona, chifukwa njala ya anawo ankaidziwa.

Funso loyamba lija tsono lili ndi yankho la mbali ziwiri. Zimene munthu amasankha poyamba zili ndi kanthu, ndipo pa zimene ankatha kuziona adzayankha yekha. Koma pamene chinthu chochitidwa mwanzeru pa nthawi yake chasanduka khoma kwa iye kapena kwa zidzukulu zake, woyenera kufunsidwa ndi amene adamanga khomalo, ndipo ntchito yake ndi kutsegula khomo. Okonza masewera ambiri adamvera langizo la Gilbert la 1989, ndipo lero misampha ya mtundu wa chitumbuwa njosowa m'masewera a ulendo. Gawo 43 la malamulo a 2013 lidachita chimodzimodzi papepala. Chotsala chili pa zenera la ofesi ya kalembera, pamene mwana wa mayi wa ku Unit K amafunsidwa pepala la makolo, makolowo nafunsidwa la agogo amene adachoka ku Dedza opanda pepala lililonse. Umboni wa sukulu, wa chipatala, wa mpingo ndi wa anansi amene adamuona akukula ulipo, ndipo ndi wokwanira kuti alembedwe.